Nyali yobiriwira ya ku Kanyama

Ndimaphunzitsa zamagetsi ndi makompyuta pa yunivesite ina muno mu Lusaka. Chaka chilichonse ophunzira a chaka chomaliza amayenera kupanga chinthu chogwirika choti akaimirire nacho pamaso pa oyesa mayeso, ndipo masiku ano ambiri amathamangira tizipangizo tolumikizidwa ku intaneti: kabokosi kokhala ndi sensa, kamayeza chinthu, n'kutumiza nambala ku foni kapena ku kompyuta popanda munthu kukhudza batani. M'chilimwe cha 2024 gulu langa lina linatengera kabokosi kotere ku kiyosiki yogulitsira madzi ku Kanyama, komboni ya muno mu Lusaka. Pamzere wa zigubu tsiku limenelo panali ambuya ena, ndipo zimene ananena zinasintha kaphunzitsidwe ka kosi yonse.

## Zimene anapanga

Chaka chimenecho kolera inali m'mutu mwa aliyense. Mu Januwale bwalo la mpira la Heroes linali litasanduka chipatala, sukulu zimene zinayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale zinadikira mpaka pa 12 Febuluwale, ndipo anthu oposa 700 anamwalira m'dziko muno mliriwo usanazilale. Nditapempha mitu ya maprojekiti, pafupifupi gulu lililonse linabwera ndi za madzi.

Gulu ndikunenali linali la anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi. Mtsikanayo ankakhala ku Kanyama komweko kwa azakhali ake, ndipo ndi iye amene anatipezera kiyosikiyo: chitsime chakuya chobowola ndi makina, pampu yamagetsi, thanki pa nsanja yachitsulo, mipopi pansi. Imayendetsedwa ndi komiti ya anthu a m'deralo.

Mkati mwa kabokosi kawo munali ESP32, kabolodi kamene kamawerenga masensa n'kulamula zina zonse. Masensa anali atatu: yoyeza kuvunduka kwa madzi, ya pH (yoyeza asidi m'madzi), ndi yoyeza mchere wosungunuka. Kamodemu ka SIM800L kankatumiza manambala mphindi 15 zilizonse. Mabatire anali a 18650, osolola m'mabatire akale a malaputopu amene anagula kwa okonza mafoni m'tauni, ndipo pamwamba panali kapanelo ka sola.

Ana amenewa anakhetsa thukuta, ndisawanamizire. SIM800L ikamatumiza imakoka mphamvu yofika ma ampeya awiri kwa kanthawi kochepa, ndiye bolodi yawo inkangozima n'kuyambiranso nthawi iliyonse uthenga ukati uchoke. Ankakhala mu labu mpaka usiku, akuunikirana ndi tochi za mafoni, mpaka anazindikira okha kuti pafupi ndi modemuyo pakufunika kapasita yaikulu, kachida kosunga mphamvu n'kuitulutsa mwachangu ikafunika. Ine sindinawauze.

Manambala ankakathera pa dashboard, tsamba la pa kompyuta la magirafu amitundumitundu. Ndipo poti amayi a pa kiyosiki sakanaiona dashboard imeneyo, anaika nyali ziwiri pachivundikiro: yofiira manambala akadumpha malire, yobiriwira akakhala m'malire.

## Loweruka lija

Tinafika cha m'ma 9 koloko, dzuwa litayamba kale kuswa mtengo. Magetsi kunalibe, monga mwa masiku amenewo. Madzi a ku damu la Kariba, kumene amapangira magetsi, anali atatsika kwambiri ndi chilala chija Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, ndipo pofika mu Seputembala madera ambiri ankakhala maola 21 patsiku opanda magetsi. Thanki inali ndi madzi opopa usiku. Zigubu zachikasu zinali zitandandalika mpaka kumsewu. Mayi wogulitsa madzi anakhala pa kampando, kabuku pamiyendo, ndalama zachitsulo m'kachitini.

Wapampando wa komiti atatilandira, anatibweretsera tebulo, ndipo mtsogoleri wa gululo, mnyamata wanzeru wolankhula mothamanga, anayamba kufotokoza. Chizungu chinkamuchulukira, ndiye mtsikana uja ankabwereza m'Chinyanja. Anatunga madzi pa mpopi, anaviikamo masensa, nyali yobiriwira inayaka. Anatunga ena, n'kuthiramo dothi, kuvundula ndi kamtengo: yofiira. Ana amene anatizungulira anakuwa, akufuna abwerezenso.

Ambuya aja anali chakutsogolo, atatsamira wilibala ya mdzukulu wawo. Anasendera pafupi, anakayang'anitsitsa kabokosiko, kenaka anafunsa mnyamata uja.

"Mwana wanga, ikayaka yobiriwirayi ndiye kuti madzi ali bwino?"

"Inde ambuya, ali bwino."

Anatembenukira kwa amayi a pamzere, atakweza mawu. "Mwamva inu? Ana a ku yunivesite atiyezera. Mukaona yobiriwira, za klorini zisakuvuteni. Ndalama imeneyo muonjezere pa makala."

Amayi anavomera, wina mpaka nthungululu. Makala anali atakwera mtengo, aliyense akuphikira pa mbaula, ndiye kumva kuti pali kandalama kopulumuka kunali kokoma. Mnyamata uja anamwetulira, poganiza kuti projekiti yalandiridwa. Ine kukamwa kunauma. Ndikadali kufunafuna poyambira, mtsikana uja anali atatenga kale sikuludiraiva. Anatsegula chivundikiro, n'kuzula waya wa nyali yobiriwira anthu onse akuona.

"Ambuya, pepani, tisakunamizeni. Kanthu aka kolera sikaiona. Madzi atha kukhala ndi kolera, nyali n'kuyaka yobiriwira. Klorini musasiye, chonde."

Panangoti zii.

"Nanga kamaona chiyani?"

"Kamaona ngati madzi ali ndi matope, ambuya."

Anaseka, koma osati monyoza. "Matope ndimawaona ndekha, maso ndikadali nawo. Madzi amene anapha mpongozi wanga anali oyera mbee."

Palibe anayankha. Amene analankhula anali mayi wogulitsa madzi uja, maso ali pa kabuku kake. "Aphunzitsi, ngati ana anuwa akufuna kutithandiza, azitiuza za nthawi. Malaiti akabwera usiku pampu imadzaza thanki, akapanda kubwera mulibe kanthu, koma anthu sadziwa. Munthu adzuke 4 koloko, afike pano apeze mulibe, ndiye apite kuti? Amakatunga pa chitsime cha kuseri kwa nyumba."

## Madzi oyera mbee

Amene mumakhala muno mukuchidziwa choko chija chimamatirira m'ketulo. Mbali yaikulu ya Lusaka inakhala pa mwala wa laimu ndi dolomite, wa ming'alu ndi mapanga pansi. Kumene kuli dothi lakuya, madzi amasefeka akamatsika pang'onopang'ono. Kuno amangodutsa m'ming'alu mothamanga. Ku Kanyama madzi a pansi ali pafupi kwambiri moti m'dzinja amadzaza m'mabwalo ndi m'misewu. Chimbudzi chokumba chili apa, chitsime chili apo, pansi pake n'zolumikizana. Mliri wa 2017 mpaka 2018, umene unagwira anthu oposa 5,000 mu Lusaka, unakulira m'makomboni omwewa, Kanyama ndi Chipata.

Sensa ya kuvunduka imawalitsa kuwala m'madzi n'kuyeza kumene kwadutsa. Matope amatchinga kuwalako. Tizilombo ta kolera titha kukhalamo tokwanira kudwalitsa banja lonse popanda kutchinga chilichonse chimene sensa yotereyi ingazindikire. Wofuna kudziwa ngati m'madzi mwalowa zam'chimbudzi amayeza E. coli, tizilombo topezeka m'chimbudzi, ndipo amasunga madziwo pamalo ofunda maola 18 mpaka 24 kuti tizilomboto tichulukane tioneke. Kuonjezera apo, choko chomwe chija chimakuta masensa, ndipo ya pH imasochera ikakhala osaikonza ndi madzi oyezera. Pakanapita miyezi ingapo nyali ija ikanayamba kunama ngakhale pa zimene imati imayeza.

Ophunzira anga zonsezi ankazidziwa. Zili mu lipoti lawo, pa ndime ya zimene chipangizocho sichingathe. Koma lipoti linatsala pa tebulo langa. Ku Kanyama kunapita nyali, ndipo kumbuyo kwa nyaliyo kunali dzina la yunivesite. Anthu a m'komboni amalemekeza sukulu kuposa mmene ife a m'sukulumo timaganizira. Mwana wa ku yunivesite akanena kuti "ali bwino", ambuya amamva kuti madziwo angamwetse khanda.

## Mkangano wa mu minibasi

Pobwerera anyamata sankamuyang'ana mnzawo. Titadutsa pa City Market mtsogoleri uja analephera kupirira.

"Sir, akanatha kufotokoza osazula waya. Watichititsa manyazi pagulu. Ndipo ngati tisiya masensa atatu n'kumangotumiza SMS yoti madzi abwera, oyesa atipatsa chiyani? Zimenezo angapange ndi mwana wa chaka choyamba."

Pa za waya sindinagwirizane naye. Mawu ofotokoza akanafika kwa amayi a kutsogolo okha, pamene nkhani ya nyali ikanafika komboni yonse dzuwa lisanalowe. Kuzula kuja aliyense anakuona, ndipo ndi kumene kunakambidwa.

Koma pa za malikisi mnyamatayo sankanama. Mafomu athu, ndi a masukulu ena kumene ndakhalako woyesa, amapereka malikisi ochuluka pa kuvuta kwa kalumikizidwe ka zida zamagetsi ndi pulogalamu. Masensa asanu amaposa sensa imodzi. Dashboard imaposa SMS. Tsiku lachionetsero chipangizo chigwire mphindi khumi pa tebulo, basi. N'chifukwa chake m'makabati a malabu athu mwadzaza zothirira mbewu zodziyendetsa zokha zimene sizinaonepo dimba. Ophunzira si ogona: amapanga chimene tikuyeza.

Ndinawalonjeza kuti ndidzawaikira kumbuyo pa tsiku la mayeso, iwo akabwerere kwa mayi uja akamve bwinobwino.

## Kabokosi kachiwiri

Kachiwirika kanali kosaoneka bwino poyerekeza ndi koyamba. Pa paipi yolowa mu thanki anaika sensa ya kawilo kokhala ndi maginito, kamene kamazungulira madzi akamadutsa. Mu thanki anaika zoyandama ziwiri, china pakati china pamwamba. Modemu, mabatire ndi sola zinakhala zomwe zija.

Nzeru zambiri zinachokera kwa amayi. Anyamata ankafuna uthenga uzipita nthawi yomweyo pampu ikangoyamba. Amayi anakana: foni ilire 1 koloko usiku, munthu atani nayo? Ayende mumdima ndi zigubu? Anagwirizana kuti uzipita 5 koloko m'mawa, unene ngati thanki yadzaza, ili theka kapena mulibe. Ndipo mukakhala mulibe unene msanga, kuti munthu apite ku kiyosiki ina asanaganize za chitsime. Za app anazikana zitangotchulidwa, poti ambiri ali ndi mafoni amabatani, ndipo amene ali ndi foni yaikulu bandulo amaisungira WhatsApp. Panalinso vuto limene mu labu silioneka: magetsi akathima nthawi yaitali netiweki nayo inkagwa, choncho kabokosiko kanayenera kusunga uthenga n'kumayesabe mpaka udutse.

Za klorini ndi zimene zinandikondweretsa. Komiti imathira klorini mu thanki, koma panalibe wodziwa ngati wakwanira. Sensa yodalirika ya klorini ndi yodula kuposa ndalama zonse za gululo. Mtsikana uja anapita kukafunsa wa zaumoyo pa kiliniki ya m'deralo, ndipo anabwerako ndi njira imene akhala akugwiritsa ntchito kalekale: piritsi la DPD. Umaliponya m'kabotolo ka madzi, madziwo amasanduka pinki, umayerekeza ndi tchati cha mitundu. Nthawi ya mliri klorini wotsala m'madzi asachepere 0.5 mg pa lita. Ndiye anaika mabatani atatu pa kabokosi. M'mawa uliwonse mayi wogulitsa madzi amayeza, n'kukanikiza batani logwirizana ndi mtundu umene waona. Ukakhala wotuwa, uthenga umapita kwa wapampando ndi kwa wa zaumoyo. Akapanda kukanikiza tsiku lonse, uthenga umapitanso.

Palibe uthenga uliwonse umene umanena kuti madzi ali bwino. Onse amatha ndi mawu omwewo: thirani klorini kunyumba, dikirani mphindi 30. Madzi atha kuchoka pa mpopi ali abwino n'kukaipa m'chigubu chosatsuka kapena ndi kapu yoviika ndi manja.

Pa tsiku la mayeso woyesa wina anafunsa kuti chatsopano n'chiyani apa. Amene anayankha anali mtsogoleri uja, ndipo anayankha bwino kuposa mmene ndikanayankhira ine. Malikisi awo anali apakatikati ndithu. Zinandipweteka, ndipo ndinanena ku msonkhano wa dipatimenti.

## SIM khadi ndi ya ndani?

Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Wophunzira wa chaka chomaliza ndi mlendo weniweni m'komboni: miyezi ingapo ali pomwepo, kenaka wavala gauni, wapita ku Solwezi kapena ku Kitwe kukafuna ntchito. Kabokosi kamatsala.

Funso limene tsopano ndimayamba nalo ndi la SIM khadi. Kuno SIM iliyonse imalembetsedwa pa NRC, chitupa cha unzika cha munthu. Ikakhala pa dzina la wophunzira, tsiku limene yatsekedwa kapena yatayika palibe wina angaibwezeretse. Ya ku Kanyama anailembetsa pa dzina la msungichuma wa komiti, ndipo ndalama ya ma SMS inalowa m'kabuku ka kiyosiki pamodzi ndi ya klorini. Anawerengera kuti pamwezi zikhala zingati, komiti inakambirana, inachepetsa chiwerengero cha olandira uthenga, n'kusankha amayi amene amadziwika kuti akamva chinthu mzere wonse wa nyumba wamva.

Wokonza naye anapezeka pomwepo: mnyamata wa kantemba kokonzera mafoni, amene kuwotcherera waya amaposa ophunzira anga ambiri. Anamusiyira chithunzi cha mawaya chomata mkati mwa chivundikiro ndi mndandanda wa zida zopezeka m'tauni. Chida choitanitsa kunja, chodikira milungu, sindichilolanso pa projekiti yopita kwa anthu.

Palinso manambala a mafoni. Lamulo la Data Protection la 2021 limafuna kuti munthu avomereze zake zisanasungidwe, ndiponso adziwe kuti zikagwira ntchito yanji. Ophunzira amaona ngati ndi nkhani ya mabanki ndi makampani a mafoni. Koma mndandanda wa manambala a amayi a m'komboni, chisankho chikayandikira, alipo anthu amene angaufune kwambiri. Choncho manambala amakhala m'kabokosi ndi m'kabuku ka komiti, osati pa laputopu ya wophunzira, ndipo wofuna kuchotsedwa amangouza mayi wa pa kiyosiki.

## Mmene kosi ikuyendera tsopano

Milungu yoyambirira labu imakhala yotseka. Gulu lililonse limapita kumene likufuna kukaika chipangizo, likakhale, lione, lifunse, ndipo libwere ndi vuto m'mawu a mwini wake. Kenaka lilembe m'Chinyanja chiganizo chenicheni chimene chipangizocho chizidzanena, kwa ndani, ndi chimene munthuyo adzachite akamva. Chiganizocho amakachiwerengera anthu amene sanamvepo za projekitiyo, n'kuwafunsa kuti amva chiyani. Apa ndi pamene mitu yambiri imagwera.

Ina imagwa bwino. Gulu lina linkafuna kuyeza mpweya wakupha wa mbaula, umene umagoneka anthu m'zipinda zotseka mu Juni ndi Julaye, n'kumatumiza manambala pa intaneti. Atafunsidwa kuti uthengawo ukafika kwa ndani pakati pa usiku, anaona okha kuti woyenera kumva ndi amene wagona m'chipindamo. Anachotsa modemu, anaika belu laphokoso. Projekiti ya kosi ya zolumikizidwa ku intaneti inatha yopanda intaneti, ndipo ndinaivomereza. Kwa gulu lina, loyang'anira furiji ya katemera kuti isachoke pakati pa madigiri 2 ndi 8, kulumikiza kunali kofunikadi, chifukwa usiku pa kiliniki yaing'ono woyang'anira furijiyo amakhala ali kwawo.

Vuto limene sindinalithetse ndi la malikisi. Ndingakonde kuti gawo lina lizidikira mpaka chipangizo chitakhala miyezi kwa anthu, koma pofika nthawi imeneyo eni ake amakhala atamaliza sukulu. Chimene ndikutha kuchita n'choti gulu latsopano lililonse, lisanayambe zake, limapita kukafufuza kabokosi ka chaka chatha n'kulemba zimene lapeza. Malipoti amenewa ndi amene ndimawerenga mwachidwi kuposa ena onse. Kwina anapeza nyerere zitamanga m'kabokosi. Kwina panelo inasowa sabata yoyamba. Kwina madzi a mvula analowera pa bowo la waya, chifukwa waya anatsika kuchokera pamwamba osaupinda kuti madzi azidonthera kunja.

Pa sukulu ina ya pulayimale, kumene gulu lina linaika choyezera madzi a mu thanki, anapeza kabokosi kali koyera, panelo yopukutidwa, koma manambala osafika masiku ena. Atafunsa, mlonda anaulula kuti analumikiza kachingwe ku batire, amatchajirapo foni yake ndi za aphunzitsi awiri. Ophunzirawo anabwera okwiya, akufuna loko. Tinakambirana, tinawerengera mphamvu ya panelo ndi ya mabatire, ndipo chaka chino akuika panelo yokulirapo, potchajira pa USB pawiri kunja kwa bokosi, ndi kachipangizo kodula tchaji batire ikatsika kufika pamene sensa ndi modemu zikufunikira. Mlondayo ndi amene walembedwa mu lipoti ngati woyang'anira chipangizo, ndipo wapempha kuti potchajira pakhale patatu.